"Malo Atha" Si Mawu Otsiriza: Zoyenera Kuchita Mwana Akakanidwa Sukulu kwa Nkomeshya

Chaka chilichonse, temu yachitatu ikamapita kumapeto komanso sukulu zikamatsegulidwa mu Januwale, makolo ambiri m'dera la Mfumu Yaikulu Nkomeshya ku Chongwe amamva mawu awiri owawa pakhomo la ofesi ya ahedi: "Malo atha." Ena amayesa sukulu yachiwiri, n'kukamva zomwezo. Akatero amabwerera kunyumba atagwira mwana padzanja, n'kudzitonthoza kuti adzayamba chaka chamawa. Chaka chamawacho chikafika mzere umakhala utatalika kuposa kale, mwana uja wasinkhuka, ndipo wayamba kuchita manyazi kukhala pakati pa tiana tating'ono.

Kudzaza kwa kalasi ndi vuto lenileni, ndipo nthawi zambiri ahedi amakhala akunena zoona. Koma mwini vutoli ndi Boma, osati mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Sukulu imodzi ikadzaza, ufulu wa mwanayo umakhalapobe, ndipo pali maofesi amene ntchito yawo ndi kumupezera pokhala. Kholo lodziwa maofesiwo, lodziwanso kuika dandaulo lake papepala, silibwerera chimanjamanja kawirikawiri.

Chadzazitsa sukulu zathu n'chiyani?

Chongwe ya lero si ija ya zaka makumi awiri zapitazo. Kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 300,000 m'boma lino, pomwe mu 2010 sankafika 200,000, ngakhale kuti nthawi imeneyo dera limene lero ndi boma la Rufunsa linkawerengedwa kuno komwe. Mzinda wa Lusaka ukusefukira kum'mawa motsata msewu wa Great East Road. Kumene kudali minda ya chimanga ndi madyero a ng'ombe, cha ku Silverest, ku Meanwood ndi kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, lero kuli nyumba zothithikana. Munthu amamanga nyumba miyezi yochepa n'kulowa ndi ana ake, pomwe kalasi ya Boma imatenga zaka kuti iimirire. Kumidzi yakutali vuto ndi lina: sukulu imakhala imodzi, midzi yoidalira ili mbwee.

Chachiwiri ndi maphunziro aulere. Mu 2002, nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa, Boma lidachotsa malipiro kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 7. Mu Januwale 2022, nthawi ya Pulezidenti Hakainde Hichilema, maphunziro aulere adafika paliponse m'sukulu za Boma, kuyambira kusukulu ya mkaka mpaka Giredi 12, ndipo ndalama za komiti ya makolo ndi aphunzitsi (PTA) ndi za mayeso zidachotsedwanso. Ana amene adali pakhomo chifukwa chosowa ndalama adakhamukira kusukulu. Chaka chomwecho Boma lidalemba ntchito aphunzitsi 30,496, koma makalasi ndi madesiki sizidachuluke paliwiro limenelo. Kenako mu 2025 padayamba ndondomeko yatsopano ya maphunziro, imene idatsitsa zaka zoyambira Giredi 1 kuchoka pa 7 kufika pa 6, motero ana ogogoda pakhomo adachulukanso.

Walira mvula walira matope. Abale athu a ku Malawi adaziona mu 1994, pamene Pulezidenti Bakili Muluzi adachotsa malipiro a pulayimale: ana adachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni, ambiri n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Ngakhale zinali choncho, palibe amene anganene kuti ana amenewo zikadawakomera kukhala pakhomo. Mankhwala a kalasi yodzaza ndi kalasi ina, mphunzitsi wina ndi desiki lina. Kubweza mwana kumangobisa vutolo kuti a ku likulu asalione.

Malamulo akuti chiyani?

Mzati waukulu ndi Lamulo la Maphunziro, nambala 23 la 2011. Ndime 14 imapatsa munthu ufulu wa maphunziro, kuyambira a ana aang'ono, a pulayimale mpaka a sekondale. Ndime 15 imanena mosapita m'mbali kuti mwana ali ndi ufulu wa maphunziro oyambirira aulere. Ndime 19 imaletsa sukulu kusala wophunzira m'njira iliyonse.

Ndime 17 ndiyo imatembenukira kwa inu makolo. Imalamula kholo kulembetsa mwana amene wafika msinkhu wa sukulu ndi kuonetsetsa kuti akupitako. Wolephera kutero popanda chifukwa chomveka ali ndi mlandu, ndipo akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Apa mpofunika kumvetsetsa. Boma silingakulamuleni kupereka mwana kusukulu, kenako lomwelo n'kukutsekerani chitseko osakuuzani kwina kopita. Lamulo likakusenzetsani udindo wolembetsa, limasenzetsanso Boma udindo wokonza malo. Ndiponso makalata amene mungalembe pofunafuna malo ndiwo umboni wanu wakuti inu simudaphwanye lamulo.

Mu 2022 padabweranso Lamulo la Ana, nambala 12, limene lidasonkhanitsa malamulo okhudza ana m'buku limodzi. Nalonso limatchula ufulu wa mwana wa maphunziro, ndipo limalamula kuti pa chigamulo chilichonse chokhudza mwana, chokomera mwanayo ndicho chizitsogola. Kunja kwa dziko, Zambia idavomereza Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana mu 1991, lomwe ndime yake 28 imati maphunziro a pulayimale akhale okakamiza ndi aulere kwa onse, komanso idavomereza pangano la mayiko a mu Africa la ufulu ndi ubwino wa mwana.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kudziwa kuti musadabwe. Ufulu wa maphunziro sudalowe m'gawo la Malamulo Aakulu a dziko lotchula maufulu a anthu. Referendamu ya pa 11 Ogasiti 2016, imene ikadauikamo, idalephera chifukwa ovomereza sadafike theka la anthu oyenera kuvota. Choncho polemba dandaulo lanu, tsamirani pa Lamulo la Maphunziro ndi Lamulo la Ana. Malamulo awiriwa ndi okwanira kuti ofesi iliyonse ya maphunziro ikumvereni.

Chimene malamulo sakukulonjezani

Ufulu wa mwana wanu ndi wa malo a sukulu, osati wa sukulu imene inu mwaikonda. Ngati mwadumpha sukulu ya pafupi chifukwa chomva kuti ina imakhozetsa bwino mayeso, dandaulo lanu ndi lofooka. Ngati a maphunziro akupezerani malo pasukulu ina imene mwana angathe kufikako bwinobwino, ndiye kuti achita mbali yawo, ngakhale mtima wanu udali kwina. Mwina malowo akhala a masana, popeza sukulu zambiri zimaphunzitsa mosinthana, ena m'mawa ena masana. Landirani, mwana ayambe, zina muzikonza ali kale m'kaundula.

Koma malo akhale otheka. Kutumiza mwana wa zaka 6 kusukulu ya kutsidya kwa mtsinje wa Chongwe, kumene nyengo ya dzinja sangaoloke, kapena kumene ayenera kudumpha Great East Road yekha pakati pa malole, si kumupatsa malo ayi. Zotere muzitchule poyera, chifukwa ndizo zimalimbitsa pempho lanu.

Dziwaninso kuti mawu a ahedi si omaliza. Nkhani yofanana idafika kukhoti lalikulu loona za Malamulo Aakulu ku South Africa mu 2013. Sukulu ya Boma ya Rivonia Primary ku Johannesburg idakana mwana wa Giredi 1 ponena kuti yadzaza, koma akuluakulu a maphunziro a chigawo cha Gauteng adalamula kuti alandiridwe. Khoti lidagamula kuti akuluakuluwo ali nayo mphamvu yoposa malire amene sukulu yadziikira, bola aigwiritse ntchito mwachilungamo ndi momvana ndi sukuluyo. Chigamulochi sichimanga makhoti a ku Zambia, koma nzeru yake imagwira kulikonse: sukulu ya Boma ndi ya anthu onse, ndipo pamwamba pa ahedi pali ena oyenera kuyankha.

Zifukwa zosayenera kubwezera mwana

Nthawi zina mawu akuti "malo atha" amabisa chifukwa china. Tcherani khutu ngati pakumveka izi.

Ndalama. Pasukulu ya Boma palibe malipiro olembetsera mwana. Kuitanitsa mapepala, polishi, tsache, thumba la simenti kapena desiki kuti mwana alembedwe ndi malipiro omwewo, kungoti abwera m'njira ina. Makolo akhoza kugwirizana kuumba njerwa kapena kusonkha mwakufuna kwawo, ndipo zimenezo nzabwino, koma mwana sangachotsedwe pamzere chifukwa kwawo sadasonkhe.

Yunifolomu ndi nsapato. Chiyambire 2002, malangizo a Unduna wa Maphunziro ndi akuti yunifolomu isatsekereze mwana wa pulayimale kusukulu.

Ulumali. Lamulo la Anthu Olumala, nambala 6 la 2012, limateteza ufulu wa mwana wolumala wophunzira pamodzi ndi anzake. Ngati sukulu ilibe mphunzitsi wodziwa chinenero cha manja kapena zilembo za osaona, isangomubweza. Ipereke nkhaniyo ku ofesi ya maphunziro kuti mwanayo apimidwe ndi kupezeredwa poyenera.

Mtundu, chipembedzo, matenda kapena umasiye. Msoli, Mchewa, Mtonga, Mbemba kapena mwana wa mlendo wongofika kumene, onse ndi ana. Ndime 19 ija imagwira ntchito pamenepa.

Mimba. Mtsikana amene adasiyira panjira chifukwa cha mimba ali ndi ufulu wobwerera akabereka, potsata ndondomeko imene Boma lidakhazikitsa mu 1997.

Satifiketi ya kubadwa. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 adapeza kuti ana 14 okha mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu ndiwo adalembetsedwa kubadwa kwawo. Satifiketi ikadakhala chotsekera, sukulu zakumudzi zikadakhala zopanda ana. Tengani khadi la kusikelo, pepala la kuchipatala kumene mwana adabadwira kapena kalata yolumbira, ndipo panthawi yomweyo yambani kulondola satifiketi ku ofesi yolembetsa anthu, kumene mumatenga chitupa cha NRC.

Yambani nthawi ilipo

Kugona pakati n'kuyambirira. Sukulu zambiri zimalemba ana a Giredi 1 mu temu yachitatu ya chaka chapambuyo pake. Musadikire Januwale. Temu yachitatu ikangoyamba, pitani mukafunse tsiku lolembetsa, ndipo muzimvetsera zolengeza kutchalitchi, kumzikiti ndi kwa anyakwawa. Konzani khadi la kusikelo ndi fotokope yake, chitupa chanu cha NRC, ndi kalata ya anyakwawa kapena akhansala yotsimikiza kumene mukukhala. Ngati mwana akusamuka kuchokera kusukulu ina, musachoke kumeneko popanda kalata yosamukira ndi lipoti lake la mayeso. Gulani kope limodzi loti muzilembamo tsiku lililonse limene mwapita ku ofesi, amene mwakumana naye ndi zimene wanena.

Khomo loyamba: ahedi

Lowani mwaulemu. Munthu amene mukulankhula nayeyo mwina ali ndi kalasi imene ana anayi amapanikizana padesiki la awiri, ena atakhala pamasaka kutsogolo kwa bolodi, mphunzitsi akusowa popondera kuti afike kumbuyo. Iye sadamange yekha sukuluyo, ndipo akhoza kukhala mboni yanu yoyamba. Kukalipa kumatseka makutu. Mukhoza kunena motere:

"Zikomo ahedi, ndamva kuti malo atha, ndipo sindikutsutsa. Ndili ndi mapempho atatu. Loyamba, mundilembere dzina la mwanayu pamndandanda wa odikira, ndione nambala yake. Lachiwiri, mundiuze sukulu ina m'dera lino imene ingakhale ndi malo. Lachitatu, mundilembereko mizere iwiri yonena kuti ndidabwera ndipo malo sadapezeke, kuti ndikaonetse ku ofesi ya maphunziro ya boma lino, kwa a DEBS."

Mndandanda wa odikira ndi wofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Sabata ziwiri zoyamba za temu, ana ena olembedwa sabwera: makolo asamuka, kapena adalembetsa sukulu ziwiri. Malo amenewo amapita kwa amene dzina lake lili papepala ndipo akuoneka pakhomo. Muzipitako kukafunsa.

Ahedi akakana kulemba, lembani inuyo. Konzani makalata awiri ofanana opempha malo. Perekani imodzi, ndipo pemphani kuti inayo aidinde ndi chidindo cha sukulu chokhala ndi tsiku, muisunge. Kachidindo kameneko ndiko kamasiyanitsa kholo limene "likungodandaula" ndi kholo limene lili ndi nkhani yoyenera kuyankhidwa. Ku England, kumene lamulo limaletsa kalasi ya ana a zaka 5 mpaka 7 kupyola ana 30 pa mphunzitsi mmodzi, kholo lokanidwa limalandira kalata yonena zifukwa, n'kukachita apilo ku gulu loima palokha. Kwathu kuno njira imadzera m'maofesi a maphunziro, koma phunziro ndi lomwelo: dandaulo limayenda ndi pepala.

Khomo lachiwiri: komiti ya makolo ndi ahedi a zoni

Sukulu iliyonse ili ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Apampando ake ndi kholo linzanu, ndipo amadziwa ngati n'kotheka kutsegula kalasi ya masana kapena kubwereka chipinda cha tchalitchi. Sukulu zimagawidwanso m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi ahedi oyang'anira anzawo. Iwo amadziwa sukulu imene yadzaziratu ndi imene ikadali ndi mpata. Nkhani zambiri zimathera pamenepa popanda kuwononga ndalama ya basi.

Khomo lachitatu: a DEBS

Ofesi ya DEBS, imene ili pa boma pa Chongwe, ndiyo imayang'anira sukulu zonse za m'boma lino. Ili ndi mphamvu yolankhula ndi ahedi, yopezera mwana malo pasukulu ina, yosuntha aphunzitsi ndi yotumiza oyendera sukulu kuti akaone ngati kudzazako n'koona. Pitani ndi kalata. Chinenero cha Boma ndi Chingerezi, choncho ngati n'kotheka pemphani mphunzitsi, mlembi wa mpingo kapena mwana wa sekondale akuthandizeni kuimasulira, koma kusadziwa Chingerezi kusakulepheretseni kupita. Kalatayo ikhoza kukhala yotere:

*Kwa a DEBS, Chongwe*

*PEMPHO LA MALO A GIREDI 1*

*Ine ndine ……, wa m'mudzi wa ……, kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya. Ndikulera mwana dzina lake ……, wobadwa pa ……. Pa tsiku la …… ndidapita kusukulu ya …… kukamulembetsa, ndipo adandiuza kuti malo atha. Pa tsiku la …… ndidayesanso kusukulu ya ……, yankho n'kukhala lomwelo. Sukulu ina yotsatira ili pamtunda wa makilomita ……, ndipo mwanayu sangafikeko chifukwa …….*

*Potsata ndime 15 ndi 17 za Lamulo la Maphunziro la 2011, ndikupempha ofesi yanu imupezere malo pasukulu imene angathe kufikako temu ino. Ndaphatikiza fotokope ya khadi lake la kusikelo ndi kalata yodindidwa ndi sukulu. Ndikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 14.*

*Ine wanu, ……*

Masiku 14 amenewo si a m'lamulo, ndi pempho lanu loti nkhani isagone mu fayilo. Onjezani chilichonse chimene chikusiyanitsa mwana wanu ndi ena: ngati ali ndi mkulu wake pasukulu yomweyo woti aziyenda naye, ngati ndi wolumala kapena wodwaladwala, ngati ndi wamasiye woleredwa ndi agogo, ngati zaka zamupitirira kale chifukwa adabwezedwanso chaka chatha. Musaname za zaka kapena za kumene mukukhala. Bodza limodzi likadziwika limagwetsa zoona zonse zimene mwanena. Nayonso kalata imeneyi ikhale iwiri, ina idindidwe, ndipo funsani dzina la amene wailandira ndi tsiku loti mudzabwerenso.

Makomo otsatira

A DEBS akapanda kuyankha, kapena akayankha zosatheka, lemberani mkulu wa maphunziro wa chigawo cha Lusaka, amene amatchedwa PEO, mutaphatikiza mafotokope a makalata onse. Pamwamba pake pali Mlembi Wamkulu wa Unduna wa Maphunziro. Musadumphe makomo oyambirira, chifukwa ofesi yapamwamba imayamba yafunsa ngati mudafika kwa a pansi.

Kunja kwa Unduna kuli mabungwe ena. Ofesi ya Public Protector, imene idakhazikitsidwa mu 2016, imafufuza madandaulo a anthu okhudza maofesi a Boma ochita zokondera, ozengereza kapena osayankha. Bungwe la Human Rights Commission limalandira madandaulo a kuphwanyidwa kwa ufulu, makamaka ngati mwana wasalidwa. Konseku kudandaula n'kwaulere. Ngati nkhani yafika pofuna khoti, a Legal Aid Board amathandiza osakwanitsa kulipira loya, ndipo pamenepo pamafunika kufulumira chifukwa makhoti salandira dandaulo lotere likachedwa. Nambala ya 116 ndi ya foni yaulere yothandiza ana, ndipo a ofesi ya Social Welfare amaimira ana amasiye ndi ovutika.

Akhansala a wadi yanu, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi anyakwawa alibe mphamvu yolamula ahedi, koma mawu awo amalemera. Apempheni akuperekezeni kapena alembe kalata yochirikiza. Chimene simuyenera kuwapempha ndi kukankha mwana wina kuti wanu alowe.

Musagule malo

Pamene pali kusowa, pamabwera ogulitsa. Wina adzakunong'onezani kuti mukapereka "kenakake ka drinki" malo apezeka. Malo ogulidwa amakhala atalandidwa kwa mwana wina, kawirikawiri wa mayi wosauka amene adafika poyamba. Lamulo lolimbana ndi katangale, nambala 3 la 2012, limalanga wolandira ndi wopereka yemwe. Wina akakupemphani ndalama, lembani m'kope lanu tsiku, malo ndi mawu amene wanena, ndipo kanenani kwa a DEBS kapena ku Anti-Corruption Commission. Koma musanenere munthu zimene simudazione kapena kuzimva nokha. Kuipitsa dzina la mphunzitsi wosalakwa pa WhatsApp ndi pa Facebook ndi kulakwa kwina, ndipo kukhoza kukuikani m'mlandu.

Mwana asangokhala podikira yankho

Lamulo la Maphunziro limazindikira mitundu inayi ya sukulu: za Boma, zothandizidwa ndi Boma monga za mishoni, za anthu a m'dera, ndi zoyendetsedwa ndi eni ake. Sukulu za anthu a m'dera zapulumutsa ana ambiri m'Zambia muno kuyambira zaka za m'ma 1990. Ngati ilipo pafupi, mulembetseni mwana kumeneko uku mukulondola malo ena, bola mufunse kwa a DEBS ngati sukuluyo ndi yodziwika kwa iwo, kuti kalata yake yosamukira idzalandiridwe. Kunyumba, mkulu wake kapena mnansi azimuphunzitsa zilembo ndi manambala tsiku lililonse. Musamusandutse wolisha mbuzi kapena wogulitsa pamsewu, chifukwa mwana akazolowera ndalama ya tsiku ndi tsiku kumubwezera m'kalasi kumavuta.

Dandaulo la mmodzi limapeza desiki, la ambiri limamanga kalasi

Mukapambana nokha, mwana wanu alowa m'kalasi ija yodzaza kale, ndipo wa mnansi wanu atsala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chifukwa chake ntchito yaikulu ndi yowerenga ana onse otsala. Anyakwawa, komiti ya makolo ndi atsogoleri a mipingo ayende khomo ndi khomo, alembe dzina la mwana aliyense wa msinkhu wa sukulu amene sali pasukulu, zaka zake ndi mudzi wake. Ofesi ya maphunziro imapempha aphunzitsi ndi makalasi potengera manambala, ndipo mwana amene adabwezedwa ndi pakamwa chabe sapezeka m'buku lililonse.

Mndandandawo upite kuwiri. Fotokope ina kwa a DEBS, ina ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu, imene imalandira mapempho a ndalama za chitukuko cha dera la phungu, zotchedwa CDF, n'kuwapititsa ku komiti ya CDF ndi ku khonsolo ya Chongwe. Ndalamazi zidakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo mu 2024 zidafika pa K30.6 miliyoni. Gawo lalikulu ndi la zitukuko za m'madera monga makalasi, madesiki, zimbudzi, mijigo ndi nyumba za aphunzitsi. Zimapita kumene anthu apempha ndi umboni. Pamsonkhano wa wadi wosankha zitukuko, makolo a ana obwezedwa akhale m'mabenchi akutsogolo, mndandanda uli m'manja.

Kalasi imafunanso pomangidwa. Malo ambiri kuno ndi a chikhalidwe, ali m'manja mwa mafumu. Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, amene adalowa ufumu mu 1971, amadziwika dziko lonse chifukwa chokana kuti nthaka ya Asoli imezedwe ndi mzinda. Anthu awo ali ndi poyambira: kupempha anyakwawa ndi khonsolo kuti paliponse pamene pakudulidwa mapuloti, malo a sukulu ndi bwalo lake azipatulidwa poyamba, ndipo malire a sukulu zimene zilipo kale alembedwe kuti wina asadzamangepo shopu. Dera likadzaza nyumba popanda kusiya malowo, ngakhale ndalama za CDF zitabwera zidzasowa pogwera.

Udindo wathu

Ufulu umene tikuumenyerawu uli ndi mbali yathu. Mwana akapeza malo, azipita tsiku lililonse, nyengo yolima ndi yokolola yomwe. Tizipezeka pamisonkhano ya makolo, tizifunsa mmene ndalama zimene Boma limatumiza kusukulu zayendera, tizisamala madesiki, ndipo tizilemekeza mphunzitsi amene akulimbana ndi khamu la ana yekha. Kholo limene lalembetsa sukulu ziwiri lidziwitse imodzi msanga kuti malowo apite kwa wina.

Ngati mwana wanu wabwezedwa temu ino, lembani kalata ija sabata ino, ikadindidwe. Ngati wanu ali kale m'kalasi, funsani pamudzi panu kuti ndi ana angati amene atsala, ndipo perekezani mayi kapena agogo amene sadziwa kulemba. Tikatero m'midzi yonse ya kwa Nkomeshya, chaka chikubwerachi a DEBS ndi khonsolo adzakhala ndi maina patebulo pawo, ndipo dzina lililonse lidzafuna yankho.